Kanema wa pa Chilangizo cha Upile

Ku Nairobi ndinapitira kukalangiza mdzukulu wanga Upile, osati kukaonera kanema. Zaka makumi atatu ndakhala ndikulangiza atsikana kumpingo kwathu ku Dedza, ndipo ntchitoyi sindinaifunirepo magetsi. Mkeka, chitenje ndi pakamwa, basi.

Mwana wanga Modesta, mayi wake wa Upile, amakhala ku Parklands m'nyumba zosanjikizana, ndipo amagwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri. Upile ali ku Upper Hill, ku bungwe loona za madzi akumwa. Mwezi uliwonse amapita kumidzi yakutali kukayeza madzi a m'mijigo ndi m'zitsime. Wodzamukwatira, Jerome, ndi Mmalawi mnzathu wogwira ntchito kubanki. Ukwati unali utatsala milungu iwiri.

Loweruka m'mawa, tsiku la chilangizo, ndikusita chitenje changa, Upile analowa natseka chitseko. Anandipatsa pepala.

"Agogo, werengani."

Sukulu sindinapite nayo patali, koma Chingerezi cha nthawi yathu chinali cholimba. Inali kalata yosiya ntchito. Dzina lake linali pansi, koma anali asanasaine.

"Wapeza ina?"

"Ayi. Jerome akuti mkazi wake sangamagone m'mahotela akumidzi ndi madalaivala. Akuti Lolemba ndikapereke kalatayi, apo ayi za ukwati tiiwale."

"Walemba ndani?"

"Iyeyo."

"Amayi ako akuti chiyani?"

"Akuti ndisaine, akadzandikwatira adzafewa. Akuti anthu anagula kale matikiti a ndege."

"Nanga ankhoswe?"

"Amalume a Mabvuto? Anangowalemba papulogalamu. Ndi ankhoswe akuchimuna sanalankhulanepo n'komwe."

"Iwe ukufuna chiyani?"

Anangoyang'ana simbi. Chitenje chinayamba kununkha kupsa, ndinachichotsa msanga. Ndinamubwezera pepala lake ndi kumuuza kuti lero asagwire cholembera. Zoona zake, sindinadziwe chomuuza. Zomwe ndinabwera nazo kuchokera kumudzi zinali zomwe ndauza atsikana oposa zana: mwamuna ndi mutu wa banja, za m'nyumba sizituluka pakhomo, banja ndi kupirira.

Chilangizo chinachitikira m'holo ya pansi pa nyumbazo, masana. Wokonza zonse anali Kimberly, mlongo wake wa Jerome, amene akuphunzira zojambula kanema kuyunivesite ya ku Kahawa, ku Nairobi komweko. Anali atalamula kuti aliyense avale zakuda ndi zoyera monga azungu akale. Nditalowa ndinapeza amayi akuluakulu, ena mabwana m'maofesi, atazika nthenga kumutu, mikanda yapulasitiki mpaka pamchombo, magolovesi mpaka m'zigongono, kunja dzuwa likuswa mtengo.

"Wamwalira ndani?" ndinafunsa.

"Agogo inunso! Ndi sitayilo," anatero Kimberly. "Chikondi cha kale."

Tinali awiri okha ovala zitenje. Winayo anali Mayi Bessie, amake a Jerome, amene anafika Lachinayi kuchokera ku Lizulu komwe amagulitsa tomato ndi mbatatesi. Anali atakhala pakona, atavula nsapato, akuyang'ana keke ya nsanjika zitatu ngati akuiwerengera masiku oti iwole.

"Asewere, mwaswera bwanji?" ndinawapatsa moni.

"Ndaswera, kaya inu. Kodi muno tidyamo, kapena n'zongojambulitsa?"

Ndinawakonda pomwepo.

Kimberly anali atakonzera mkwatibwi mpando wa maluwa. Ndinaukana. Mkeka panalibe, choncho tinayala kapeti. Upile anabwera atafunditsidwa chitenje kumutu, nakhala pansi, miyendo atatambalala, mutu atazolika. Mwambo wake ndi umenewo: wolangizidwa sadzutsa maso ndipo salankhula. Amangomva.

Ndinkayembekeza kuti tiyamba ndi pemphero kenako andipatsa mpata. Koma Kimberly anatenga maikolofoni.

"Amayi, karibuni nonse. Agogo asanalankhule, tionera kaye filimu. Ndi ya ku America, yatha zaka zoposa zana, nthawi imene mafilimu anali asanayambe kulankhula. Muli phunziro la chikondi chenicheni. Achimwene nditawaonetsa anati, imeneyi ndiye Upile aione."

Ndinayang'ana Modesta. Iye anali kukonza golovesi.

Anatseka makatani, nayatsa makina awo, ndipo pakhoma panaoneka zithunzi zotuwa zothothoka ngati mvula ikugwa. Kanyimbo ka piyano kanayamba kulira. Anthu a mukanemamo ankayenda mothamanga ngati nkhuku zoona chiombankhanga.

"Kwezani mawu," anatero Mayi Bessie.

"Amayi, mulibe mawu," anayankha Kimberly. "Amangolemba."

"Nanga pakamwapo akutafuna chiyani? Zolembazo akuti bwanji?"

Modesta anandinong'oneza kuti ndikhale pafupi nawo ndiziwamasulira pang'onopang'ono. Ine kunong'ona sindidziwa, ndipo Mayi Bessie khutu limodzi linawafera. Choncho holo yonse inamva.

Nkhani yake inali ya mtsikana wosoka zipewa m'sitolo. Nkhope anaipaka yoyera ngati wagwera m'thumba la ufa, milomo bii, maso ngati kadzidzi. Koma ntchito ankaidziwa. Manja ake pa singano ndinawayamikira, ndipo mayi mwini sitolo ankamusisita paphewa. Kenako kunalowa mwamuna wa masharubu, tsitsi lonyezimira mafuta. Anagwira dzanja la mtsikanayo n'kuyamba kulipsompsona, kuyambira kuzala mpaka kuchigongono, dzanja lomwe langogwira kumene zipewa za anthu.

Mawu anatuluka pakhoma, aatali, odzaza maluwa ndi mwezi. "Akuti maso ako ndi nyenyezi," ndinatero.

"Wagula chipewa?" anafunsa Mayi Bessie.

"Sanagule."

"Ndiye atuluke, akutchinga makasitomala."

Kumbuyo wina anaseka, wina n'kumuletsa.

Mwamunayo anabweranso kawiri, osagulabe kanthu. Ulendo wachitatu anagwada pakati pa sitolo, nalanda singano m'manja mwa mtsikana uja, n'kuiponya pansi.

"Akuti manja amene iye akuwakonda sayenera kugwira ntchito. Asankhe, sitolo kapena iyeyo."

Nditanena zimenezi ndinayang'ana pakapeti. Chitenje chinali duu, koma zala za Upile zinali zitakanirira m'mphepete mwake. Apa m'pamene ndinadziwa chifukwa chake Jerome anakonda filimuyi.

Mtsikana wa zipewa anavula epuloni, anaika dzanja pachipumi, n'kukomoka. Mwamunayo anamuwakha.

"Ali ndi pakati?"

"Ayi, asewere. Akuti ndi chimwemwe."

"Chimwemwe chimagwetsa munthu? Amupime magazi ameneyo."

Ukwati wawo unachitikira m'kachipinda. Panali m'busa, awiriwo, ndi nkhalamba ina imene anangoikoka pamsewu kuti ikhale mboni.

"Imitsani kaye," anatero Mayi Bessie, atakweza dzanja. "Ndati imitsani."

Kimberly anaimitsa, nkhope itagwa.

"Abale ake a mwanayu ali kuti? Ankhoswe ali kuti?"

"Amayi, ku America kulibe ankhoswe."

"Ndiye zikavuta akadandaula kwa ndani?"

"Sizivuta. Amakondana."

"Oho. Pitirizani tione."

Sipanathe nthawi, mwamunayo analandira kalata, n'kukwera sitima yapamadzi kukafuna chuma kutsidya la nyanja. Mkazi anakomokanso padoko. Atatsitsimuka anapita kunyumba, nakoka mpando, nakhala pawindo. Ndipo anakhaladi. Masamba anayoyoka, iye ali pawindo. Chisanu choyera chija chimagwa kwawo chinagwa, iye ali pawindo. Maluwa anaphuka, ali pompo. Sindinamuone akusesa, sindinamuone akuchapa, mbale zili mbwee patebulo, mphaka akunyambita. Anagulitsa wotchi, anagulitsa bedi, anayamba kutsokomola m'kansalu n'kukabwezeranso pachifuwa. Mpando wokha ndi umene anausunga.

Ndiye kunabwera mayi wa sitolo uja, munthu yekhayo wanzeru mukanema monsemo. Anabwera ndi buledi ndi epuloni ija. Anamugwira manja, namuonetsa singano.

"Akuti bwerera kuntchito, malo ako alipo."

"Eya!" anatero Mayi Bessie. "Dzuka, mwana iwe."

Mkazi uja anapukusa mutu, nakankha epuloni, n'kuloza kunyanja.

"Akuti analonjeza mwamuna wake kuti sadzagwiranso singano."

"Mwamunayo akutumiza kanthu?"

"Ngakhale kalata."

"Fotseki!"

Apa palibe analetsa mnzake kuseka. Ine sindinaseke, chifukwa pakhoma panatuluka mawu ena, ozunguliridwa ndi timaluwa. Ndinawawerenga kawiri. Ankanena kuti umo ndi mmene mkazi weniweni amachitira, amavutika mwakachetechete osadandaula, ndipo mphotho yake ili m'tsogolo.

"Akuti chiyani, asewere? Mwangoti zii bwanji?"

"Akuti mkazi wabwino amapirira."

Mawuwo anatuluka m'kamwa mwanga mosavuta, chifukwa njira ankaidziwa. Ndawanena m'zipinda zambiri, kwa ana ofunditsidwa zitenje, ine nditakhala pampando nditakhuta. Sindinaonepo mmene amaonekera akatha chaka chimodzi, ziwiri, zitatu. Tsopano anali pakhoma, aakulu ngati chitseko: munthu wa luso lake, wowonda ngati bango, akuwola pampando.

Mwamuna uja anabwerera atanenepa, tcheni cha golide pamimba. Anagwada. Mkaziyo anamwetulira, namusisita tsitsi lamafuta lija, n'kufa. Iye analira, napsompsona dzanja la mtembo, kuyambiranso kuzala. Piyano inalira kwambiri, kanema n'kutha.

Atatsegula makatani ndinaona amayi ena akupukuta misozi ndi magolovesi. Mmodzi, amene ndinamva kuti amayang'anira antchito mazana awiri, ankafwenthera kuti, "Koma chikondi chinalipo kale." Kimberly anaomba m'manja.

"Wamupha ndi njala," anatero Mayi Bessie. "Apolisi sabwera?"

"Amayi, yatha. Mfundo yake ndi yoti anakhulupirika mpaka imfa."

"Imfa ya ndani? Iye uja wanenepa."

Kimberly anandipatsa maikolofoni mwamsanga kuti amake asiye. Ndinaikana. Ndinaimirira, ndinapita pakapeti, n'kuchotsa chitenje kumutu kwa Upile.

"Amayi!" Modesta anadzuka. "Mkwatibwi savundukulidwa chilangizo chisanathe."

"Lamulo limenelo ndalisunga iwe usanamere mano achiwiri. Khala pansi. Upile, pepala lija uli nalo?"

Anali atalipinda m'bulauzi. Anandipatsa. Ndinaliwerenga mokweza m'Chichewa, mzere ndi mzere. Linali lalifupi. Limathokoza bungwe, limati iye mwa kufuna kwake wasankha kusiya ntchito pa zifukwa za banja.

"Wasankha?" anafunsa Mayi Bessie. "Mwana iwe, dzutsa mutu. Walemba ndiwe?"

Upile anayang'ana amake, kenako ine.

"Yankha," ndinatero. "Lero ndakuloleza."

"Alemba ndi a Jerome."

"Chifukwa?"

"Akuti ndimagona kutali ndi madalaivala."

Kimberly anayamba kunena kuti achimwene amangomudera nkhawa, misewu yakumidzi ndi yoopsa, koma amake anamuyang'ana kamodzi, iye n'kutseka pakamwa.

"Za mahotelazo inenso sizindisangalatsa, ndisanamepo," anatero Mayi Bessie. "Mkazi wapabanja kumangoyendayenda, anthu amalankhula. Koma ine ndakwera malole zaka khumi ndi zisanu, pamwamba pa madengu a tomato, kupita ku Blantyre ndi madalaivala onunkha kachasu. Jerome sukulu yake anaphunzira ndi malole amenewo. Bambo ake ankanyinyirika, inde, koma sanandilemberepo kalata." Anatembenukira kwa Upile. "Iwe ukufuna chiyani?"

"Jerome ndimamukonda," anatero Upile. Mawu anali aang'ono, koma anamveka. "Ntchito sindisiya."

"Wamveka. Koma nkhaniyi si yanga, si ya agogo ako, si ya anthu a nthengawa. Ndi ya ankhoswe. Achimwene anga a ku Ntcheu anakhala pansi liti ndi akwanu?"

Modesta anayankha kuti nthawi inachepa, aliyense ndi wotanganidwa, ankhoswe adzakumana kutchalitchi tsiku la ukwati n'kusaina.

"Kusaina chiyani, anthu osadziwana? Ndiye mwangokoka nkhalamba pamsewu inunso. Ayi. Palibe ukwati mpaka ankhoswe akhale pansi, amve mwana uyu, amve wanga."

"Asewere, anthu anagula matikiti!"

"Abwere adzaone Nairobi. Ndi mzinda wabwino."

Pulogalamu ya Kimberly inkati pofika faifi koloko mkwati alowe modzidzimutsa ndi maluwa, agwade, amupsompsone dzanja mkwatibwi, ajambulidwe. Palibe anakumbukira kumuimbira foni. Jerome analowadi, atavala suti yakuda ndi chipewa chachitali, maluwa ofiira m'manja, akumwetulira. Anapeza amake ataima pakati pa holo opanda nsapato, kalata ili m'manja.

"Ichi n'chiyani, Jerome?"

Kumwetulira kunatha. "Amayi, zimenezo ndi za ine ndi Upile."

"Za iwe ndi Upile, koma walemba wekha. Vula chipewacho ukamalankhula ndi ine."

Anavula. Anayang'ana Upile. "Wandiyalutsa pagulu."

"Wakuyalutsa ndine," ndinatero. "Iyeyu ndamufunsa, wayankha. Mawa tiimbira ankhoswe."

"Agogo, ndi ulemu wonse, kuno si kumudzi. Ine ndinanena kale maganizo anga, ndipo sindisintha."

Anaika maluwa pambali pa keke n'kutuluka. Kimberly anamuthamangira, mikanda ikulira. Alendo anayamba kufunafuna zikwama zawo. Ine ndi Mayi Bessie tinakhala pansi n'kudya, poti chakudya chinali chitaphikidwa kale ndipo sichinalakwe kanthu.

Ankhoswe anakumana Lachitatu, pafoni ya zithunzi, a Mabvuto ali ku Lilongwe, anzawo ali ku Ntcheu, ife tili pabalaza pa Modesta. Anagwira ntchito yawo bwino, ndiwayamikire. Anafunsa Upile ngati angapemphe kuti maulendo achepe, iye anati angathe. Anafunsa Jerome ngati zimenezo zingamukwanire, iye anati ayi, akufuna kalata. Anakumananso Lachisanu, yankho lomwelo. Nkhoswe wake yemwe anamufunsa kuti, "Mphwanga, ukufuna mkazi kapena ukufuna kupambana?" Jerome anazimitsa foni. Loweruka m'mawa Upile anapereka mphete kwa Mayi Bessie, iwo anaimanga pakona ya chitenje, namukumbatira, napita kukakwera ndege.

Ndisaname kuti zinatha mokoma. Upile analira masiku atatu. Ankamukondadi mnyamatayo, ndipo mwina sanali woipa m'zonse. Modesta anakhala pafoni kuuza anthu kuti ukwati kulibe, ndipo ine sanandilankhule mpaka Lamulungu titabwera kutchalitchi. Ndinamupeza m'khitchini akudula anyezi ngati akudula munthu.

"Mwakondwa?" anandifunsa.

"Sindinakondwe. Koma zija zinandinyansa."

"Zinakunyansani pakhoma." Anaika mpeni pansi. "Ine nditabwera kwa inu ndi sutikesi, Upile ali kumsana, diso litatupa, munati chiyani?"

Ndinkakumbukira bwino. Ndinamuphikira tiyi, n'kumukweza basi yobwerera kwa mwamuna wake tsiku lomwelo. Anakhalako zaka zina zisanu ndi zinayi.

"Ndinalakwa," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyembekeza kuti ndiwonjezera zodzikhululukira. Ndinalibe. Anatolanso mpeni, nandikankhira tomato kuti ndidule.

Lolemba Upile anadzuka m'mamawa, maso otupa. Anali ndi ulendo wa ku Kitui, mijigo khumi ndi iwiri. Anati sakumva njala. Ndinamuuza kuti kulira alire, koma adye kaye, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anamaliza mazira awiri ndi chapati. Anavala majombo ake, nanyamula bokosi la mabotolo oyezera madzi. Ndinatsika naye mpaka pageti. Galimoto ya bungwe inali itafika, dalaivala wake bambo wa imvi, akumwa tiyi ndi askari, mlonda wa pageti.

"Habari, mama," anandipatsa moni.

Chiswahili sindidziwa. Ndinamuuza m'Chichewa kuti ayendetse bwino, ndipo anagwedeza mutu. Upile anaika bokosi kumbuyo, nakhala kutsogolo, n'kumanga lamba.